Mpeni wopinda wa kunyanja: dzimbiri limayambira popindira

Anzanga owedza akamafunsa za mpeni wopinda wosachita dzimbiri amakhala akufuna dzina limodzi basi, akagule nkhani ithe. Mayina ndikupatsani, olo angapo, koma tiyambe tagwirizana kaye chinthu ichi: mpeni wopinda sufera pa bledi ayi. Bledi ikachita timadontho tofiira umangokwecha ndi sandipepa kapena phulusa, mphindi ziwiri yayera. Umafera mkati, popindira paja, pa sipuling'i, pa tima screw, pa loko yogwira bledi kuti isapindike yokha, malo amene diso silifika komanso nsanza siilowa. Tsiku lina umangoona kuti kutsegula mpaka ugwiritse mano kapena pulayazi, kapena watsegula koma loko sikugwira, ndipo mpeni umene loko yake sikugwira ndi woopsa kuposa wobuntha. Nde mukamasankha musamangowerenga zolembedwa pa bledi, suzumirani mkati.

Chitsulo chimene timati stainless ndi chitsulo wamba chimene anathiramo chitsulo china chotchedwa chromium, wosachepera 10.5%. Amene amatchulidwa kwambiri kuti anachitulukira ndi Harry Brearley wa ku Sheffield, mu 1913. Chromium uja akakumana ndi mpweya amapanga kachikopa kopyapyala kosaoneka pamwamba pa chitsulo, nde madzi safika pa chitsulo chenichenicho, ndipo ukakala kachikopako kamadzipanganso kokha. Koma kuti kadzipange kamafuna mpweya. Apa mpamene pali nkhani yonse ya mpeni wopinda, chifukwa popindira paja zitsulo zimakhala zopanikizana, mpweya sulowa bwino, madzi akalowa satuluka, kenako pabwere magazi a nsomba, mamba, mchenga ndi kamchere, zonse zikhale pompo usiku onse mthumba la kabudula wonyowa. Mchere ndi umene umaboola kachikopa kaja, umasiya timaenje ting'onoting'ono takuda timene olo ukweche bwanji sitichoka.

Vuto lina ndi lakuti mpeni kuti ulimbe ndi kusunga kuthwa umafuna kaboni mchitsulo chake, yemwe uja amapezeka mmakala, koma kaboni amakonda kugwirana ndi chromium yemwe uja, nde chromium wogwidwayo sagwiranso ntchito yoteteza. Kaboni wambiri, kuthwa kokhalitsa koma dzimbiri pafupi. Kaboni wochepa, dzimbiri kutali koma kunola pafupipafupi. Nchifukwa chake sinki ndi masupuni abwino zimatha zaka mmadzi osasintha koma palibe amene amapangira mpeni chitsulo chimenecho, sichilimba ukachiotcha. Ndipo poti ndatchula izi, zija anthu amachita pa msika zoyesa ndi maginito, eti ukamata ndiye kuti si stainless, pa mipeni sizigwira. Pafupifupi mipeni yonse ya stainless imamata maginito bwinobwino. Musasiye mpeni wabwino chifukwa cha zimenezo.

Funso loyamba kwa ine limakhala lakuti mumawedza madzi ake ati. Nyanja ya Malawi, Malombe, Shire, Bua, madamu a m'maesiteti, onsewa ndi madzi opanda mchere, ndipo stainless wamba amakwana ndithu bola muziumitsa. Chilwa ndi nkhani ina. Nyanja imene ija ilibe mtsinje wotulutsa madzi, amangolowa nkumauma ndi dzuwa, nde mchere umatsalira momwemo ndipo madzi akamaphwera umachuluka, amene amapita ku Kachulu akudziwa mmene zitsulo za maboti zimaonekera kumeneko. Kenako pali abale athu amene ali ku Cape Town, Durban, kapena odutsa ku Beira ndi Nacala, amene Loweruka amakaponya mbedza pa nyanja yamchere yeniyeni, imene lita imodzi imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35. Kumeneko mpeni umene ku Senga Bay unali bho umatha kufiira tsiku lomwelo. Koma olo ku Mangochi musadzinamize kuti mchere kulibe. Thukuta lanu ndi mchere, magazi a nsomba ali ndi mchere, ndipo ambiri mpeni womwewo timang'ambira chambo nkuthira mchere pompo, manja omwewo nkupinda mpeni kuika mthumba.

Tiyambe ndi umene aliyense amaudziwa, Okapi. Unayamba kupangidwa ku Solingen ku Germany mu 1902, cholinga chake chinali kugulitsa kuno ku Africa, ndipo kuyambira 1988 umapangidwa ku South Africa. Ndimaulemekeza. Ndi wotchipa, umanoleka pa mwala uliwonse wa mphepete mwa nyanja, ndipo kapangidwe kake nkabwino pa madzi chifukwa sipuling'i yake ili kunja pamsana, ukuiona, ukhoza kuitsuka. Koma ma Okapi ambiri ndi chitsulo cha kaboni, chopanda chromium woteteza, nde ukausiya wonyowa madzulo mmawa upeza wasanduka wofiira. Asodzi ena amangousiya ude, kudera kwa phulusaphulusa kuja kumene kumabwera ukamadulira mandimu kapena tomato, ndipo kumathandizadi pang'ono kutchinga dzimbiri lofiira lija. Ngati muli munthu wopukuta ndi kupaka mafuta tsiku ndi tsiku Okapi akutumikirani. Ngati muli ngati ambirife amene tikatsika mbwato timangoganiza za nsima, musadzivutitse.

Opinel wa ku France, wa ku Savoie uja anayambitsa Joseph Opinel mu 1890, ndi wina amene amapezeka ndi anthu obwera kunja ndipo mtengo wake ndi wabwino, No. 8 safika mayuro 20 kwawo. Alipo amitundu iwiri ndipo amalemba pa bledi, Carbone wa chitsulo cha kaboni ndi Inox wa stainless, wa kumadzi tengani Inox. Chitsulo chake ndi cha banja la Sandvik 12C27 cha ku Sweden, chimanoleka mosavuta ndipo chimathwa zedi chifukwa bledi yake ndi yopyapyala. Chimene ndimaukondera nchakuti mulibe sipuling'i, mulibe screw, ndi bledi, mtengo, kamsomali ndi timaringi tiwiri basi, kamodzi nkamene umatembenuza kuti kakhale loko, anakaonjezera mu 1955. Zoti zichite dzimbiri mkatimo ndi zochepa. Koma handulo ndi ya mtengo, ndipo mtengo ukamwa madzi umatupa nkuigwira bledi moti olo zikhadabo zithyoke siituluka. Eni ake ku France ali ndi kanjira kawo, amagogoda kumapeto kwa handulo pa tebulo bledi nkusuzumira, koma mbwato muli mafunde zogogodagogoda sizikhala bwino. Ukaugula watsopano uumitse kaye pa dzuwa, upake Vaseline popindira ndi mkati mwa mpata muja kuti mtengo umwe mafuta usanamwe madzi, zimachepa. Alinso ndi mtundu wa handulo ya pulasitiki umene amautcha Outdoor, umenewo ndiye suvutika ndi zotupa.

Victorinox, wofiira wa ku Switzerland uja, chitsulo chake pa dzimbiri ndi chabwino kwambiri, ndipo alipo ena ngati Angler amene ali ndi kopalira mamba ndi kochotsera mbedza kukamwa kwa nsomba. Ine ndimautenga ngati wothandizira mbokosi la mbedza, kasizasi, pa umene uli nako, nkabwino podula twayini. Koma kutumbulira nsomba ayi. Zida zambiri zija zimatanthauza mipata yambiri, mamba a chambo akalowa pakati pa timagawo tija amakhala momwemo mpaka kununkha, ndipo ambiri alibe loko, komanso kutsegula kumafuna chikhadabo chouma, pamene chikhadabo chikakhalitsa mmadzi chimafewa.

Tsopano mipeni ya pa msika ndi mmashopu a zinthu za ku China, imene ambiri ndi imene timagula kunena zoona. Sindikuti yonse ndi yoipa. Chodabwitsa nchakuti bledi za yotchipa kwambiri, zimene mtundu wa chitsulo chake amalemba 3Cr13 kapena 420, pa dzimbiri zimapirira ndithu chifukwa kaboni ndi wochepa, cha mma 0.3%, kungoti zimabuntha msanga, ukadula chingwe cha nayiloni kangapo basi yayamba kutsetsereka. 8Cr13MoV imasunga kuthwa bwinoko koma imachita timadontho ukailekerera. Ukaona 14C28N, 12C27, 420HC kapena N690 ndipo mpeniwo si feki, tenga, pa madzi athu zimenezo nzokwana. Imene ndikufuna muisamale ndi D2. Masiku ano yadzadza pa intaneti ndipo ogulitsa amaitama ngati ndi yapamwamba, ndipo pa kuthwa ndi zoona, koma ili ndi kaboni cha mma 1.5%, nde ngakhale chromium wake ali cha mma 12% wambiri ndi wogwidwa uja. D2 ku nyanja imachita dzimbiri, osakamba zambiri. Ndipo bledi ikangolembedwa kuti Stainless osatchula mtundu, dziwani kuti mukugula mwa mwayi.

Pa mipeni yotchipayi mpamene zamkati zimapweteka. Bledi angaike stainless, koma sipuling'i, tima screw, timapuleti ta mkati mwa handulo ndi kokolekera mthumba kaja amaika chitsulo wamba chopaka penti yakuda, nde miyezi ingapo mpeni ukutuluka madzi ofiira pamene bledi ikunyezimira. Ukaugwira pa shopu utsegule, uuloze ku kuwala, uone ngati ukupenya mbali inayo. Wotseguka pamsana ndi wabwino chifukwa madzi a pa mpopi amadutsa nkukokolola zonse. Yodzitsegukira yokha ija, imene ukangokankha pang'ono imati phwa, ili ndi kasipuling'i kobisika mu handulo kamene sungakaumitse, isiyeni. Imene imatseguka mosalala kwambiri nthawi zambiri imakhala ndi timabeya, timipira tachitsulo popindira, mshopu zimasangalatsa koma ikakumana ndi mchenga wa ku Nkhotakota imayamba kulira ngati tcheni cha njinga ya kabaza nthawi ya dzinja. Bola ya mawashala wamba. Onaninso nkhope ya bledi, yosalala yonyezimira imapirira kuposa yotuwa yokhakhala ija, chifukwa yokhakhala ili ndi timaenje tosaoneka timene madzi amabisalamo. Ya penti yakuda imateteza pamene pali penti, koma kukamwa kumene umanola kumakhala pamtunda.

Kwa amene akufunadi mpeni woti auiwale mbwato sabata yonse osachita kanthu, ulipo. Kampani ya Spyderco ya ku Golden, Colorado, ili ndi gulu la mipeni limene amalitcha Salt, yambiri ya handulo yachikasu. Nzeru yake inali yochotsa kaboni wambiri nkuikamo nitrogen, amene amalimbitsa chitsulo osamanga chromium ngati mmene kaboni amachitira. Anayamba ndi chitsulo cha ku Japan chotchedwa H-1, chimene anthu achiviika mmadzi amchere masiku ambirimbiri osaona dzimbiri, koma chofooka chake chinali chakuti bledi yosalala ya H-1 siisunga kuthwa nthawi yaitali, ya manomano ndi imene imachita bwino. Kenako kunabwera LC200N ya kampani ya Zapp ya ku Germany, chitsulo chimene mtundu wake umagwiritsidwa ntchito pa mabeya a zouluka mlengalenga, chimathwa bwino kuposa H-1 ndipo kunola sikuvuta. Mu 2021 kunabweranso MagnaCut imene anapanga katswiri wa zitsulo Larrin Thomas, chromium wake ndi 10.7% yekha koma anaisakaniza mwakuti pafupifupi yense amakhala womasuka, nde imasunga kuthwa kwambiri ndipo dzimbiri ndi lovuta, ngakhale pa madzi amchere enieni ine ndingatsamire LC200N. Koma chimene chimapangitsa Salt kukhala Salt si bledi yokha, ndi chakuti anaganizira ndi zamkati zomwe, sipuling'i, screw, kokolekera, zonse anasankha zopirira mchere, ndipo yambiri ilibe timapuleti tachitsulo mu handulo.

Mtengo wake ndiye umaziziritsa nkhongono, madola 100 kupita mmwamba, usanaonjezere zotumizira ndi msonkho, ndi mmene dola ikuvutira panopa. Kwa mbale amene ali ku Cape Town ndipo amawedza sabata ndi sabata ndimati gula, ndalama yako ibwerera. Kwa wa ku Monkey Bay kapena Nkhata Bay ndimakayika. Nyanja yathu kumpoto kuja imazama pafupifupi mamita 700, ndipo mipeni ya asodzi yambiri siikalamba, imagwera mmadzi. Komanso ma feki a Spyderco ndi ambiri pa intaneti, ukaona Salt ya mtengo wa Okapi usafunsenso.

Zina zoti muone sizikhudza dzimbiri koma pa madzi nzofunika mofanana. Kutsegula ndi dzanja limodzi, chifukwa linalo nthawi zonse limakhala lagwira china chake, nkhafi, ndodo, nsomba, kapena chingwe chimene chakulunga mwendo pamene boti likuyenda. Bowo lalikulu pa bledi ngati la Spyderco limagwira bwino ndi chala chonyowa kuposa kamzera ka chikhadabo. Loko ikhale yolimba, ya pamsana ija ndimaikhulupirira chifukwa ikagwira umamva, kungoti mchenga ukalowa mu kampata kake siitsekeka mpaka pansi, nde uziyang'ana. Handulo ikhale ya pulasitiki yolimba yokhakhala. Yachitsulo yosalala imaoneka bwino pa chithunzi, koma gwirani mlamba kaye ndi kuterera kwake kuja kenako mugwire handulo imeneyo muone. Mtundu ukhale wowala, wachikasu kapena oranje, wakuda ndi wa kamofulaji ukagwera pansi pa bwato pakati pa maukonde usiku wa usipa suupeza. Ndipo bowo la chingwe likhalepo, mangirirani kachingwe ndi kachidutswa ka silipasi yakutha kapena kankhokho ka ukonde, koma kayeseni mu ndowa kaye muone ngati kakuyandamitsadi, mipeni ina ndi yolemera kuposa mmene imaonekera.

Nsonga nayo ndi nkhani. Mbwato logwedezeka nsonga yosongoka kwambiri imabaya mwendo wako kapena wa mnzako, nchifukwa chake mipeni yambiri ya amalinyero imakhala ya mphuno yogwa pansi, yobunthirapo. Koma poboola mimba ya chambo umafuna kansonga. Nde zitengera ntchito yanu yaikulu ndi iti. Ngati ndi zingwe ndi maukonde, ya manomano imadya nayiloni mwachangu ndipo imapitiriza kudula olo itabuntha, koma pa nyama ya nsomba imang'amba moipa ndipo kuinola kumafuna kandodo kozungulira, pa mwala wamba sizitheka. Ine ndimakonda yosalala ya masentimita 8 kapena 9, yopyapyala. Zija za theka mano theka kusalala zimandisowetsa mtendere, mbali iliyonse imakhala yaifupi moti palibe imene ikugwira ntchito bwino.

Ndinenepo apa kuti ngati ntchito yanu ndi kutumbula ndi kung'amba nsomba zambiri, kampango, bombe, chambo cha pa lichero, mpeni wopinda si chida chake. Tengani wosapinda, ngati Mora ya stainless ya ku Sweden ya chimake cha pulasitiki, kapena mpeni wa kukhitchini wamba ngati amene amayi a pa doko amagwiritsa ntchito, ulibe popindira nde palibe pobisala magazi. Wopinda ndi wa mthumba, wodulira twayini, nyambo, chingwe, kutumbula ziwiri zitatu zootcha pa gombe. Ndipo musamathyolere minga ya kampango kapena nkholokolo ndi bledi yopyapyala, imagumuka kukamwa, pulayazi ilipo.

Kasamalidwe sikovuta koma kamafuna kuchitika tsiku lomwelo. Mukafika kunyumba tsegulani mpeni, tsukani ndi madzi abwino ndi kasopo, mswachi wakutha ulowe popindira ndi mu loko, muzitsegula ndi kutseka uli mmadzi momwemo kuti mchenga utuluke. Kutumulani, uzirani, kenako muusiye wotsegula theka pa mphepo mpaka uume, osaupinda uli wonyowa, osauika mchikwama chachikopa chifukwa chikopa chimasunga chinyezi. Ukauma kadontho kamodzi ka mafuta popindira. Mafuta ophikira amagwira pa ngozi koma pakapita nthawi amamata ndi kununkha, nkumakoka mchenga. Oyilo wa injini ndi WD-40 pa mpeni wodulira chakudya ine ayi. Bola liquid paraffin wa ku famase, womwa uja, osati parafini wa nyali chonde, kapena ka Vaseline pang'ono. Timadontho ta dzimbiri tikaoneka kwechani msanga ndi phulusa lonyowa kapena soda. Sitiliwulu wamba musamale naye, amasiya tizitsulo take pa bledi timene timachita dzimbiri tokha nkumaoneka ngati mpeni ndi umene wayamba.

Ngati mpeni wanu uli wa screw, ambiri ndi a mutu wa nyenyezi aja, Torx T6 ndi T8, kamodzi pa nyengo ukhoza kuumasula nkupukuta mkati, koma jambulani ndi foni musanachotse kanthu chifukwa mawashala aja amasokoneza pobwezera. Wa misomali yokhomerera sumasuka, koma ubwino wake palibe screw yothawa.

Nde mukandikakamiza kuti nditchule: wa ku nyanja ya Malawi, Malombe ndi Shire amene ndalama ndi yochepa, Opinel Inox wopakidwa Vaseline kapena wa handulo ya pulasitiki, apo ayi mpeni uliwonse wa 14C28N kapena 420HC wotseguka pamsana, wopanda timabeya. Wa ku Chilwa chimodzimodzi koma kutsuka ndi madzi a pa mjigo tsiku lililonse osadumphitsa. Wa ku nyanja yamchere, Salt ya LC200N.

Amene muli ku Britain kumbukirani kuti lamulo lakumeneko limalola kuyenda ndi mpeni wopinda popanda kufotokoza chifukwa pokhapokha ngati bledi yake siipitirira mainchesi 3, amene ndi masentimita 7.62, komanso ulibe loko. Ma Salt ambiri ali ndi loko, ndipo karingi ka Opinel nako amakawerengera ngati loko. Kupita kowedza ndi chifukwa chomveka, koma uzikhala mchikwama cha mbedza popita ndi pobwera, osati mthumba la jekete Lolemba mu basi. Ndipo amene mukubweretsera achimwene kumudzi, uikeni mu sutikesi yopita pansi pa ndege, mchikwama cha mmanja akulandani pa chipata.